Tsamba Limene Ndinachotsa mu Pulogalamu

Ine sinditaya pepala. Ana anga amandiseka nazo, koma kalata ya kuchipatala ikasowa, kapena wina akaiwala chaka chimene anabatizidwa, amathamangira kwa ine ndemwe. Pansi pa bedi langa pali masutikesi awiri. Ina ndinachoka nayo ku Malawi, inayo ndinagula kuno ku Birmingham yoyambayo itadzaza. Muli masatifiketi anga a uphunzitsi, makalata a malemu mkazi wanga, matikiti a basi ndi mabuku a maminitsi a mpingo wathu. Mulinso envulopu ya khaki yokhala ndi masamba 59 ofanana, lililonse lili ndi timabowo pakati pomwe panadutsa waya wa sitepula. Anayenera kukhala 60.

Ndinabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mayi a ana anga atamwalira. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, anakana zoti ndizikhala ndekha ku Dedza ndi matenda a shuga. Iye anafika kuno kalekale potsatira mwamuna wake amene anadzaphunzira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana, anabadwira konkuno. Nyumba yawo ili ku Aston, pafupi ndi bwalo la mpira, moti tsiku la mpira msewu wathu wonse umadzaza ndi magalimoto a anthu osapereka moni. Mwana wanga wamwamuna, mzime, ankachita lendi ku Selly Oak ndi anzake anayi. Ankaphunzira, kwinaku akugwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Loweruka lililonse ankabwera ndi makina ake ometera, kuyala nyuzipepala pansi m'khitchini, kundikhazika pampando ndi kundimeta. Sitinkalankhula zambiri. Ankandigwira mutu ndi zala ziwiri kuupendeketsa, ine n'kumangomvera.

Mpingo wathu unali waung'ono. Tinkabwereka holo ya tchalitchi cha azungu Lamulungu masana, eni ake akatuluka. Tinali anthu a chigawo chapakati, a kummwera ndi mabanja angapo a ku Zambia, aliyense ndi katchulidwe kake. Ine ndinali mlembi. Mwana wanga wamwamuna uja ankatsogolera kwaya, ndipo sindinganame, iye akayambitsa nyimbo ngakhale amayi ochokera ku naiti, ntchito ya usiku, ankasiya kusinza.

Mkangano unayambira pa ana. Achinyamata anati ana obadwira kuno samva zolalikidwa, amangokhala maola atatu akugwedeza miyendo. Anapempha kuti mapemphero azikhala m'Chingerezi, aafupi, ndiponso m'mawa kuti a mashifiti a madzulo azipezekapo. Abusa athu, munthu wachikulire wofatsa kwambiri, anati tiziganizire. Tinaziganizira pa misonkhano isanu ndi umodzi, ndipo maminitsi ake onse ndili nawo. Pa msonkhano wotsatira ndinatopa nazo. Ndinaimirira ndi kunena kuti amene akuchita manyazi ndi chilankhulo cha mayi ake, khomo ndi ilo. Polankhula ndinkayang'ana mwana wanga. Mawu amenewo sindinawalembe m'maminitsi. M'mabuku anga onse, ndi pokhapo pamene ndinasiya kanthu mwadala.

Lamulungu lotsatira mipando khumi ndi isanu ndi inayi inali yopanda anthu. Anayamba kukumana okha ku Selly Oak, ndipo kiyibodi inapita nawo chifukwa inali ya bambo wina woyendetsa basi amene anachoka nawo limodzi. Patapita masiku ndinalandira kalata yotayipa yochokera kwa mwana wangayo, ya m'Chingerezi, yonditchula kuti a Mlembi, ngati kuti si ine amene ndinamukweza panjinga kupita naye kuchipatala atadwala chikuku. Ndinalemba tsiku loilandira pakona ndi kuiika mufayilo. Loweruka sanabwere. Linalo sanabwerenso. Ndinayamba kukameta kumsewu waukulu kwa munthu amene sankaudziwa mutu wanga, amene ankameta uku akulankhula pafoni.

Chaka chimenecho mdzukulu wanga anali m'kalasi yomaliza ya sekondale. Ine ndimamulankhula m'Chichewa, iye amayankha m'Chingerezi, ndipo timamvana ndithu. Tsiku lina masana anaponya buku patebulo la m'khitchini, nati sakutolapo kanthu. Inali ndakatulo yaitali ya Chingerezi chakale, yolembedwa zaka zoposa mazana atatu zapitazo, yodzaza ndi maina a m'Chipangano Chakale. Aphunzitsi awo anawauza kuti akayambe awerenga nkhaniyo m'Baibulo, koma ambiri m'kalasimo analibe n'komwe Baibulo kunyumba. Iye anali nalo, koma anali ndi agogo amene angamuchepetsere ntchito.

Nkhaniyo ndinkaidziwa kuyambira ku Sande sukulu. Mfumu yokalamba inali ndi mwana wokongola, watsitsi lambiri, amene ankalawirira kukaima pachipata cha mzinda. Anthu obwera ndi milandu ankawagwira chanza, kuwafunsa kwawo, ndi kuwauza kuti woweruza akanakhala iyeyo zinthu zikanawayendera. Pang'onopang'ono mitima ya anthu inatembenukira kwa iye. Panalinso mlangizi wochenjera amene anasiya mfumu ndi kukagwirizana ndi mwanayo.

Nditawerenga masamba atatu ndinavula magalasi ndi kuseka. Ndinamuuza kuti mlakatuliyu sakunena za anthu a m'Baibulo ayi, akunena za anthu amene ankakumana nawo mumsewu. Iye anadabwa, nati n'zoona, akunena za mfumu ya ku England ya nthawi imeneyo, mwana wake wobadwira kunja kwa banja, ndi akuluakulu ena amene ankafuna kuti mwanayo adzalowe ufumu m'malo mwa mng'ono wake wa mfumu. Anafunsa kuti ndadziwa bwanji msanga chotere, pomwe kalasi yawo inatha sabata yonse isanazindikire.

Ndinamufotokozera za kwathu, nthawi ya chipani chimodzi. Esiteti ya munthu wina wamkulu inameza minda ya mudzi woyandikana ndi sukulu imene ndinkaphunzitsa. Lamulungu lake mlaliki wathu, mkulu wowonda wa jekete limodzi, anaimirira ndi kuwerenga za mfumu imene inasirira munda wamphesa wa mnansi wake wosauka. Anangowerenga basi, osaonjezerapo liwu, natseka buku, nati tiimbe. Anyamata a chipani anali pa benchi lakumbuyo. Ife tonse tinkayang'ana nsapato zathu. Palibe amene anatchula dzina, ngakhale panjira pobwerera, ngakhale m'nyumba chitseko chitatsekedwa. Anyamatawo anamva zimene tinamva ife, koma akanamanga ndani? Munthu anangowerenga Baibulo m'tchalitchi. Mpaka lero munthu wa msinkhu wanga akamva ndime ikuwerengedwa amayamba wadzifunsa kuti akunena yani.

Mdzukulu wanga ankalemba mothamanga. Anapempha kuti aziike m'chimangirizo chake, ndipo ndinalola, bola asatchule mudziwo. Anandiyang'ana ngati akufuna kuseka, koma analonjeza.

Kenako anatsegula kumapeto kwa buku lake kundionetsa chinthu chimene ankati chimamuthandiza. Unali mndandanda. Kumanzere maina a m'Baibulo, kumanja maina enieni a anthu amene ankanenedwa, aliyense ndi udindo wake. M'kati mwa ndakatulo munalinso timanambala ting'onoting'ono totumiza munthu kumunsi kwa tsamba kukauzidwa tanthauzo. Ndinakwiya ngati kuti mndandandawo aupeza m'thumba mwanga. Ndinati kwathu pepala lotere likanamangitsa mudzi wonse, ndipo amene anausindikiza alibe ulemu ndi ntchito ya mnzake. Iye anati anthuwo anafa kalekale, palibe woti amangidwe, ndipo popanda mndandandawo iyeyo mayeso sangakhoze. Ndinati chinthu chobisidwa bwino sichifuna mndandanda, womva amamva. Iye anati ngati zili choncho ndiye kuti chimafa limodzi ndi amene anachimva. Ndinaona kuti mwanayu amayankha ngati malume ake, ndipo ndinatseka nkhani.

Masabata otsatira tinkawerenga limodzi Loweruka masana, nthawi yomwe kale inali yometa. Anandiuza zinthu ziwiri zimene ndinamva koma sindinazisunge. Choyamba, mlakatuli uja sanali kumbali ya anthu wamba ngati mlaliki wathu. Anali kumbali ya mfumu, ndipo ankanyoza otsutsa. Chachiwiri, nkhaniyo anailekezera panjira mwanayo akadali moyo, chifukwa sanafune kumupha ngakhale papepala. Ndinayankha ngati mphunzitsi kuti imeneyo ndi ntchito yosamaliza, ndipo ine ndikanamudula malikisi.

Nthawi imeneyo mpingo wathu unkayandikira kukwanitsa zaka zisanu. Abusa anaumirira kuti tiitane aliyense, ngakhale a ku Selly Oak. Kalata yowaitana ndinalemba ine, ndipo kope lake ndili nalo. Pa msonkhano womwewo ndinapempha kuti pa pulogalamu pakhale ndakatulo ya mlembi. Onse anavomera mokondwa, poganiza kuti ndidzayamikira amayi ophika.

Ndinailemba masabata atatu, m'mawa nyumba ikakhala zii. Inali ndi ndime khumi ndi ziwiri. Mfumu yanga inali nkhalamba yofatsa imene inkaganizira nkhani kasanu ndi kamodzi isanayankhe. Mwana wa mfumu ankaima pakhomo la holo kupereka moni m'chilankhulo cha eni dziko, kufunsa ana ngati atopa ndi kulonjeza kuti kwa iye adzatuluka msanga. Mlangizi anali ndi chiwongolero m'manja, ndipo ankadziwa njira zonse zotulukira mumzinda. Ine nkhani yanga ndinaimaliza. Ndinamukweza mnyamatayo pa nyulu, ndinamudutsitsa pansi pa mtengo waukulu, tsitsi lake linakodwa m'nthambi, iye n'kutsala akulendewera, nyulu n'kupitirira yokha ndi kiyibodi pamsana. Ndinalekezera pamenepo. Ndime imeneyo ndinkaikonda kwambiri, moti ndinkaibwereza posamba.

Mapulogalamu a mpingo ankatayipa ndi mdzukulu wanga, chifukwa ndiye anali ndi kompyuta. Tinakhala pansi Lachinayi atabwera kusukulu, ine ndikutchula, iye akutayipa, mawu ovuta ndikumuuza chilembo chimodzichimodzi. Zambiri ankazimva. Atafika pa chiwongolero anaima ndi kufunsa ngati mlangiziyu ndi bambo a kiyibodi aja. Ndinavomera monyadira, koma motsitsa mawu, ngakhale tinali m'khitchini mwathu momwe. Anafunsanso ngati mwana wa mfumu ndi ankolo. Ndinavomeranso. Za mfumu sanafunse, ndipo ndinaganiza kuti n'chifukwa choti aliyense angaone kuti ndi abusa. Anafunsa kokha ngati ndatsimikiza kuti ndakatulo ikuthera pamtengopo. Ndinati mlakatuli amasankha yekha polekezera, si iye yemwe anandiuza zimenezo? Anapitiriza kutayipa. Lachisanu anakasindikiza kusukulu kwawo makope 60.

Lamulungu m'mawa ndinapeza katoni ili patebulo. Pulogalamu iliyonse inali mapepala awiri opinda pakati, omangidwa ndi timawaya tiwiri, ndipo ndakatulo yanga inali pa tsamba lapakati. Ndinatenga cholembera chofiira kuti ndione zolakwika monga ndimachitira nthawi zonse. Cholakwika cha kalembedwe sindinapeze ngakhale chimodzi. Ndinapeza timanambala. Kumunsi kwa tsamba kunali mzere, ndipo pansi pa mzerewo mndandanda m'Chingerezi, woyalidwa bwino ngati wa m'buku lake lija. Nambala yachiwiri inati mwana wa mfumu ndi malume ake, dzina lonse. Yachitatu inatchula bambo a basi aja. Yachinayi inati wolemba walekezera apa, koma m'Baibulo nkhaniyi ikupitirira, mfumu itamva za imfa ya mwana wake inakwera kuchipinda cha pamwamba pa chipata ikulira. Yoyamba ndinaiwerenga katatu. Inati mfumu ndi agogo ake, mlembi wa mpingo.

Ndinamuitana ndi maina ake onse. Anatsika masitepe tsitsi ataluka mbali imodzi, chipeso chili m'manja. Ndinamufunsa kuti anamutuma ndani. Anati palibe, koma ndakatulo zotere zimakhala ndi mndandanda, ndipo ana a mumpingo sakanamva kanthu popanda umenewo. Ankaganiza kuti ndikondwa. Ndinamuuza kuti wanditchulira anthu poyera, ndiponso walakwitsa, mfumu ndi abusa. Anandiyang'ana modabwa kwenikweni, osati mwachipongwe. Kenako anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, posankha liwu lililonse ngati munthu wowoloka pa miyala.

“Koma Agogo, ankolo si mwana wa abusa. Ndi mwana wanu.”

Mayi ake anali atangofika kuchokera ku naiti, akadali mu yunifolomu. Anatenga pulogalamu imodzi ndi kuiwerenga chiimire, ndakatulo yonse ndi mndandanda womwe. Mwana wanga ameneyu salankhula kawiri. Anaibweza m'katoni.

“Bambo, miyezi isanu ndi itatu mwakhala mukuima pawindo Loweruka lililonse, mukuti mukuona magalimoto a mpira. Ngakhale tsiku lopanda mpira. Lero mwana wanu akubwera. Mukufuna abwerere ndi chimenechi m'thumba?”

Anakwera kukagona, ndipo anandisiya ndi katoni.

Ndinakhala pansi ndi kuiwerenganso ndakatulo ija, tsopano ndi maina ake. Inali itasanduka ina. Kuchenjera konse kumene ndinkanyadira kunali kutachoka. Chinatsala ndi mdala amene akupachika mwana wake mumtengo pamaso pa anthu amene anyamula mbale za mpunga. Ndinakumbukira mlaliki wa jekete limodzi uja. Iye anabisala m'Baibulo chifukwa analibe pena pothawira. Ine makiyi a holo anali m'thumba mwanga, buku la maminitsi m'manja mwanga, ndipo abusa ankamva zanga. Ndinkaopa yani? Ngakhale mlakatuli wachizungu wa kumbali ya mfumu uja anachita manyazi kupha mwana wa eni ake, ine n'kumati ndimudule malikisi.

Ndinatenga mpeni wopakira majarini. Pulogalamu iliyonse ndinkaitsegula pakati, kutukula timawaya, kusolola tsamba, ndi kupindanso timawayato ndi msana wa mpeni. Mdzukulu wanga anakhala mbali inayo ndi mpeni wina osauzidwa. Atapanga zingapo anafunsa ngati masambawo aponye m'bini. Ndinamuyang'ana, ndipo anakatenga yekha envulopu ya khaki m'chipinda changa. Ntchitoyo inatitengera ola ndi theka. Ndinawerenga masamba, 59. Ndinawerenga mapulogalamu, 59. Ndinabwereza. Iye anati mwina makina osindikizira anadumpha imodzi, koma ankalankhula akuyang'ana chipeso. Nthawi inali itatha, ndipo ndinavala jekete.

Holo inadzaza. A ku Selly Oak anafika nyimbo yoyamba itatha, nakhala kumbuyo osavula majasi. Mwana wanga anali pa mzere womaliza pafupi ndi hita, atavala kapusi, ndipo anali atawonda pang'ono. Sindinamuyang'ane kawiri. Ndinali ndi nkhawa ina. Tsamba lapakati ndinachotsa, koma pa tsamba loyamba panali padakali mndandanda wa zochitika, ndipo pa nambala seveni panalembedwa kuti ndakatulo ya a Mlembi. Zimenezo ndinazikumbukira nditakhala kale pampando. Amayi a chigwirizano anaimba, msungichuma analankhula, ana ananena mavesi oloweza, kenako abusa anandiitana akumwetulira, nati tsopano timve kwa mlakatuli wathu.

M'manja ndinali ndi Baibulo lokha. Ndinapita kutsogolo ndi kuuza anthu kuti ndakatuloyo sinapse, m'malo mwake ndiwerenga pang'ono. Ndinatsegula pamene nambala yachinayi ya mdzukulu wanga inanditumiza. Nkhondo yatha. Mfumu yakhala pachipata kudikira. Mlonda akuona munthu akuthamanga, kenako wina. Woyamba akufika ndi uthenga woti apambana, koma mfumu sikufunsa za nkhondo, ikufunsa ngati mnyamatayo ali bwino. Wachiwiri akufika, funso ndi lomwelo. Ndinkafuna kuwerenga ngati mlaliki uja, mosaonjezera kanthu, mawu osagwedera. Zinatheka mpaka pamene mfumu ikukwera masitepe ikuitana mwana wake mobwerezabwereza, ndi kunena kuti bwenzi itafa iyo m'malo mwake. Pamenepo ndinaima kaye. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, ndinawavalanso, ndipo ndinamaliza vesilo ndi mawu omveka ngati a munthu wina. Ndinatseka buku ndi kunena kuti tiimbe.

Akuluakulu onse m'holomo ankayang'ana nsapato zawo. A ku Lilongwe, a ku Mulanje, a ku Chipata, onse. Ana okha ndi amene ankacheukacheuka, osadziwa chimene chatontholetsa makolo awo. Panalibe woyambitsa nyimbo, pakuti kwaya yathu inali isanapezebe mtsogoleri. Mayi wina wachikulire anayesa, koma anaiyambira pamwamba kwambiri, anthu n'kumalephera kuifikira. Mzere woyamba usanathe, mawu ochokera kumbuyo, pafupi ndi hita, anaitsitsa ndi kuikhazika pomwe aliyense akanatha kuimba. Sindinatembenuke. Mawu amenewo ndimawadziwa kuyambira tsiku limene analira koyamba.

Anthu atadya ndinayamba kupinda matebulo, chifukwa eni holo ankafuna kuipeza monga anaisiyira. Ndikulimbana ndi tebulo lalitali ndinamva mbali inayo yapepuka, mwana wanga uja ataigwira.

“Bambo, sindinafe.”

Ndinati ndikuona. Tinalinyamula mpaka kukhoma. Anavula kapusi ndi kundionetsa pamutu, pamene dazi la akuchimuna kwa mayi ake linali litayamba kale.

“Ndipo mutu uwu sungakodwe mumtengo uliwonse. Koma ndifunse nawo, nyulu ija inakafika nayo bwino kiyibodi?”

Za kiyibodi sizili m'Baibulo. Anapisa dzanja m'jasi ndi kutulutsa pulogalamu ya nambala 60, yopindika, tsamba lapakati lili momwemo. Mdzukulu wanga anamupatsa Lachisanu pa siteshoni ya sitima, ati kuti aoneretu nthawi yoyambira. Anandiuza kuti ndakatuloyo anaiwerenga m'sitima, ndipo atafika pa mtengo paja anatsimikiza zoti sabwera. Atatsika anaona timanambala tija. Anati akanakhala kuti mfumu ndi abusa sakanadzivutitsa, chifukwa abusa alibe nawo mlandu. Koma pepala linati mfumu ndi bambo ake, ndipo iye nkhaniyo amaidziwa mpaka kumapeto, ndinamuphunzitsa ndine. Anabwera kuti adzaone ngati ndifike kumapetoko.

Sindinamuuze kuti mndandandawo sunali wanga, kapena kuti mfumu ndinkati ndi wina. Mpaka lero sindinamuuze, ndipo mdzukulu wanga ndi mayi ake sanaululenso. Mwina akudziwa. Anati Chichewa cha ndakatuloyo n'chokoma, ndime ya moni wa pakhomo ndi yoona ndithu, koma bambo a basi ndawalakwira, chifukwa maganizo onse anali ake iyeyo, iwo anangobwereketsa kiyibodi. Ndinati ndamva. Kenako ndinatambasula dzanja ndi kumuuza kuti pulogalamuyo ndi ya mufayilo, masamba anga sakukwana. Anaibweza m'jasi ndi kumanga batani. Anandizungulira akuyang'ana m'mutu mwanga, nandigwira ndi zala ziwiri zija kundipendeketsa.

“Amene akukumetaniyu akukuonongani. Loweruka ndibwera.”

Kumpingo kwathu sanabwerere, ndipo sindinamufunse. Amakumanabe ku Selly Oak. Ndinapitako kamodzi pa sitima, tikiti yake ndili nayo. Ulaliki unatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndinayang'ana pa wotchi, ndipo ndimaonabe kuti mawu a Mulungu sayenera kuthamangitsidwa chotero. Koma ana ankamvetsera, zimenezo ndinaziona ndi maso anga. Bambo a basi aja anandilandira ndi manja awiri ndi kundipatsa mpando wakutsogolo. Ndinawagwira chanza nthawi yaitali kuposa mmene zimayenera kukhalira, iwo osadziwa chifukwa chake.

Sabata yotsatira chikondwerero chija ndinatulutsa buku la maminitsi, ndinatsegula pa msonkhano wachisanu ndi chiwiri, ndipo m'mphepete mwa tsamba ndinalembamo mawu aja a khomo monga ndinawanenera, ndi kusainira pansi pake. Mdzukulu wanga anakhoza mayeso. Chimangirizo chake ndili nacho, ndipo mudzi uja sanautchule, koma pansi pa tsamba lachitatu pali kanambala konena kuti nkhani ya munda wamphesa anaimva kwa agogo ake. Pa envulopu ya khaki ndinalembapo kuti muli masamba 59, limodzi lili kwa mwini wake.

Loweruka limenelo anafikadi, kusanayambe kudzaza magalimoto. Anayala nyuzipepala pansi, anandikhazika pampando, nayamba kudandaula ndi mmene munthu uja anandidulira kumbuyo kwa makutu. Atamaliza anakulunga tsitsi langa loyera m'nyuzipepalamo, ndipo anandiyang'ana kaye asanapite nayo kubini, ngati wopempha chilolezo. Ndinamulola. Pa mapepala onse olowa m'nyumba muno, limene limatayidwa ine ndikuona ndi lokhalo.